Kukanatheka kubwerera m'mbuyo, ine ndikanapita ku Zomba pa 8 Seputembala 1964

Nyengo ya chikondwerero cha ufulu ikamayandikira, pa mawayilesi ndi m'macheza mumabuka funso lakuti: kukanakhala kuti munthu angathe kubwerera ku zaka zakale n'kukaona ndi maso ake zimene zinachitika, kodi akanasankha tsiku liti? Mayankho a Amalawi ambiri sasiyana kwenikweni. Ochuluka amatchula usiku wolowa pa 6 Julayi 1964, pamene mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ku Blantyre. Ena amafuna kukaima pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958 kuti aone Dr Hastings Kamuzu Banda akutsika ndege, ena amalakalaka kukakhala ku Mbombwe mu Januwale 1915 pamodzi ndi John Chilembwe, ndipo Akhristu ambiri amanena mosazengereza kuti akanapita ku Yerusalemu. Funsoli limaoneka ngati longochezera, koma yankho limene munthu amapereka limaulula chimene iye amaona kuti n'chofunika m'mbiri, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuliyankha mozama. Maganizo anga ndi akuti Mmalawi wofuna kulimvetsa dziko lake sayenera kusankha tsiku la chikondwerero, koma tsiku limene dzikoli linaima pa mphambano. Tsiku limenelo ndi 8 Seputembala 1964, pamodzi ndi tsiku lotsatira lake, pamene Nyumba ya Malamulo inakumana ku Zomba kuti igamule ngati inali kumukhulupirirabe Nduna Yaikulu, Dr Banda, atangochotsa nduna zake zingapo.

Choyamba tikumbutsane zimene zinachitika, chifukwa achinyamata ambiri amangomva dzina lakuti Cabinet Crisis osadziwa mkati mwake. Patangopita masabata asanu ndi awiri dziko litalandira ufulu, pa 26 Ogasiti 1964, nduna zinamuuza Dr Banda pamaso madandaulo awo pa msonkhano wa nduna. Patapita masiku ochepa zinalemba madandaulowo pa chikalata chimene chimadziwika ndi dzina la Kuchawe, malo ogona alendo amene ali pamwamba pa phiri la Zomba. Zina mwa nkhanizo zinali za kunja: ndunazo sizinkafuna ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, zinkadana ndi kuyandikana ndi maboma a azungu a kummwera, ndipo zinkafuna kuti Malawi alandire thandizo limene dziko la China linalonjeza. Koma zambiri zinali za pakhomo penipeni. Boma linali litayamba kulipiritsa tiki, ndiye kuti mapeni atatu, kwa aliyense wopita kukalandira mankhwala ku chipatala cha boma. Malipiro a ogwira ntchito m'boma anali atakonzedwa motsatira lipoti la Skinner, limene Amalawi ambiri ogwira ntchito analiona kuti likuwapondereza. Maudindo akuluakulu anali akadali m'manja mwa azungu. Dr Banda anali atadzisungira maunduna angapo, ankagamula zinthu osafunsa anzake, ndipo pagulu ankawatcha anthu akuluakulu amenewa kuti anyamata ake. Pa 7 Seputembala iye anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Rose Chibambo amene anali wothandizira nduna. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawo, John Msonthi anatula koma n'kubwereranso, ndipo Henry Masauko Chipembere, amene anali ku Canada pa nthawiyo, atafika anatulanso udindo wake n'kukakhala pa mipando ya kumbuyo. Masiku awiri aphungu analankhula, ndipo pamapeto pake Nyumba inavomereza kuti ikumukhulupirira Dr Banda.

Chifukwa chimene ndikanasankhira masiku awiriwa n'chakuti zaka makumi atatu zotsatira zinabadwira m'chipinda chimenecho. Pofika mu Okutobala nduna zambiri zinali zitathawira ku Tanzania ndi ku Zambia. Mu Febuluwale 1965 Chipembere anaukira boma kuchokera ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, koma gulu lake linalephera kuoloka Shire pa Liwonde. Mu 1966 Malawi anakhala dziko la chipani chimodzi mwalamulo, mu 1967 Yatuta Chisiza anaphedwa akulowa ndi zida cha ku Mwanza, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala mtsogoleri wa muyaya. Orton Chirwa, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 pamene Dr Banda anali m'ndende ku Gwelo, anagwidwa mu 1981 ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Amene anakula m'zaka zimenezo amakumbukira mayi atasenza dengu la tomato akubwezedwa pa chipata cha msika chifukwa alibe khadi la chipani, ndiponso bambo akutsitsidwa m'basi pa chifukwa chomwecho. Zonsezi sizinagwe kumwamba. Zinayamba pamene aphungu anafunsidwa ngati nduna ili ndi ufulu wouza mtsogoleri kuti apa mwalakwa, iwo n'kuyankha ndi kuomba m'manja kuti ilibe. Akuluakulu amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pa 8 Seputembala 1964 mtengo wa ulamuliro wathu unali ndi miyezi iwiri yokha.

Tsopano ndimve maganizo a amene amasankha 6 Julayi 1964, chifukwa ndi ambiri ndipo mfundo yawo si yopepuka. Iwo amati palibe tsiku lina limene Amalawi anasangalala pamodzi ngati limenelo. Anthu anali atalamuliridwa ndi Angerezi kuyambira 1891, anali atalawa thangata m'minda ya azungu, anali atakakamizidwa kulowa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, ndipo abale awo anali ataomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959. Kuona mbendera yakuda, yofiira ndi yobiriwira ikukwera pambuyo pa zonsezi, iwo amati, ndi mankhwala kwa mbadwo wa lero umene umaona ngati palibe chimene chingatigwirizanitse. Ndikuvomereza kuti chimwemwe chimenecho chinali chenicheni, ndipo sindikuchichepetsa. Komabe tsikulo silingatiphunzitse chimene sitikuchidziwa kale. Mwambo wa usiku umenewo unakonzedwa miyezi yambiri m'mbuyo, aliyense ankadziwa poima pake, Prince Philip anabwera kudzaimira Mfumukazi monga mwa dongosolo, ndipo panalibe chimene chikanasintha. Njira ya ku ufulu inali italambulidwa kale pa zokambirana za ku London mu 1962 ndiponso pa kutha kwa chitaganya kumapeto kwa 1963. Kuwonjezera apo, munthu woima m'bwalo usiku umenewo akanaona Chiume, Chirwa ndi Chipembere ali pafupi ndi Dr Banda akumwetulira, n'kubwerako akukhulupirira kuti zonse zinali bwino, pamene kusamvana kunali kutayamba kale kufuka. Tsiku la ukwati limakoma, koma wofuna kudziwa chimene chinathetsa banja amafunsa ankhoswe za tsiku limene anaitanidwa koyamba kudzaweruza mlandu.

Gulu lachiwiri ndi la amene amasankha Mbombwe, ndipo ndikuvomereza kuti awa amandikoka mtima kwambiri. Iwo amati kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kuli ndi mafunso amene sanayankhidwe mpaka lero. Kodi Chilembwe ankayembekezera kupambana, kapena ankadziwa kuti akupita kukafa kuti dziko limve? Kodi anawauza chiyani kwenikweni anthu ake asanapite ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira munda wa kumeneko, anaphedwa? Nanga iye mwini, ataomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, anaikidwa pati? Zambiri zimene tili nazo zinalembedwa ndi boma lomwe linamugonjetsa, ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa. Choncho, iwo amati, ngati pali malo amene maso a mboni akufunika, ndi kumeneko. Mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo ndikanapatsidwa maulendo awiri, wachiwiri ukanakhala wa ku Chiradzulu. Koma funso likutipatsa ulendo umodzi, ndiye tiyenera kuyeza phindu lake. Nkhani ya 1915 ndi ya Mmalawi polimbana ndi mlendo, ndipo pa nkhani yotero tonse timadziwa mbali imene tikanaima, kotero kuti kuionera kukanangotilimbitsa pa zimene timagwirizana kale. Nkhani ya 1964 ndi ya Mmalawi ndi Mmalawi mnzake, onse omenyera ufulu, ambiri a iwo olawa ndende mu 1959, ndipo palibe mzungu woti timukankhire mlandu wonse. Atsamunda anapita, koma funso la momwe tingatsutsirane tokhatokha popanda wina kutchedwa chigawenga likadali nafe m'zipani, m'mipingo, ngakhale m'makomiti a chitukuko cha m'mudzi.

Za amene akufuna kupita ku Yerusalemu, kapena kukaona Nelson Mandela akutuluka m'ndende mu 1990, kapena kukafika ku Mankhamba m'masiku a Kalonga, ndinena mwachidule. Chikhulupiriro cha munthu sindingachiike pa sikelo imodzi ndi ndale, ndipo amene akufuna kukaona likulu la Amaravi ali ndi chifukwa chabwino, popeza mbiri ya nthawi imeneyo inasungidwa kwambiri pakamwa. Koma ine ndikuyankha ngati nzika imene ikufuna kudziwa chifukwa chake boma lake limayenda momwe limayendera, ndipo pa funso limenelo Zomba ndiye pafupi.

Chotsutsa chachikulu, chimene chiyenera kuyankhidwa mofatsa, chimachokera kwa amene amalemekeza Dr Banda. Iwo amati kusankha tsiku limeneli ndi njira yongofuna kumunyoza, pamene zaka zinaonetsa kuti iye ndiye ankaona patali. Amati Malawi wa 1964 anali wosauka kwambiri, moti ndalama zoyendetsera boma zinkaonjezeredwa ndi Britain chaka ndi chaka. Katundu wathu ankadutsa pa njanji ya ku Beira, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo amuna zikwizikwi ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa ndi ku Rhodesia n'kumatumiza ndalama kwawo. Kudana poyera ndi maiko amenewa, iwo amati, kukanakhala kudzitsekera pakhosi. Amatinso kuchotsa azungu m'maudindo mofulumira, pamene Amalawi ophunzira mpaka ku yunivesite anali owerengeka, kukanagwetsa ntchito za boma. Kenaka amaloza Yunivesite ya Malawi, njanji ya ku Nacala imene inatsegulidwa mu 1970, ndi likulu latsopano la Lilongwe mu 1975, n'kufunsa ngati anyamata aja akanatha kuchita zimenezi. Ine ndikuti pa nkhani ya Beira ndi ya kuchepa kwa anthu ophunzira, Dr Banda anali ndi mfundo zolimba, ndipo n'kutheka kuti pa zina mwa izo ndunazo zinkalakwitsa. Koma apa mpamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Funso limene linali pamaso pa aphungu silinali lakuti ndani akulondola pa nkhani ya China kapena ya tiki. Funso linali lakuti munthu wolakwitsa, kapena wooneka ngati walakwitsa, achitidwe chiyani. Mtsogoleri akanatha kupambana mkanganowo, kuchotsa nduna monga malamulo ankamulolera, n'kuzisiya zikhale aphungu wamba otsutsa m'Nyumba. M'malo mwake kusiyana maganizo kunasanduka kuukira, anthu anathamangitsidwa m'dziko lawo, ndipo abale awo ndi owatsatira anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Msewu ndi yunivesite sizinkafuna kuti Rose Chibambo, mayi amene anatsekeredwa ndi khanda lake mu 1959 chifukwa cha ufulu womwewu, akakhale zaka pafupifupi makumi atatu ku Zambia. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K200, ndipo ambiri amene amaigwira sadziwa kuti boma la Amalawi anzake ndi limene linamuthawitsa.

Komanso, kuti ndichite chilungamo, sindikanapita ku Zomba kukaona angelo akulimbana ndi munthu woipa, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene tsikuli lilili lofunika. Nduna zimene zinadandaula mu Ogasiti 1964 ndi zomwezo zimene zinathandiza kumanga mpando umene unadzazipsinja. Chipembere ndi Chiume anali m'gulu la achinyamata amene anamuitana Dr Banda kuti abwere kumudzi, ndipo anamulengeza kwa anthu ngati mpulumutsi chifukwa ankaona kuti anthu a m'midzi angatsatire msanga munthu wachikulire wophunzira kwambiri. Mu 1960, pa msonkhano wa ku Nkhotakota, chipani chinamupanga kukhala pulezidenti wake wa muyaya iwo ali pomwepo. Pamene zipani zing'onozing'ono ndi a Mboni za Yehova ankazunzidwa ufulu usanabwere, mawu odzudzula ochokera kwa atsogoleriwa sanamveke mokwanira. Pa chisankho cha 1964 oimira chipani cha Congress onse anadutsa popanda wopikisana nawo, ndipo ambiri mwa iwo ankadziwa kuti mpando wawo anaupeza chifukwa cha dzanja la mtsogoleri. Ndiye pamene ndunazo zinatembenuka kufunafuna owathandiza m'Nyumba ya Malamulo, zinapeza anthu amene zinawaphunzitsa zokha kuti Kamuzu satsutsidwa. Ngakhale polankhula masiku awiriwo, nduna zochotsedwazo zinkabwereza kunena kuti zikadali zokhulupirika kwa iye. Nduna imodzi yokha ya chizungu, Colin Cameron, ndi imene inali itatula pansi udindo kumayambiriro kwa Ogasiti pokana lamulo lotsekera anthu popanda mlandu. Phunziro limeneli ndi lowawa kuposa nkhani ya munthu mmodzi wankhanza, chifukwa likukhudza aliyense wa ife amene amaombera m'manja mtsogoleri wa chipani chake pamene akupondereza ena, poganiza kuti chikwapucho sichidzafika pamsana pake.

Ena amanena kuti ulendo wotero ndi wosafunika chifukwa zonse zimene zinalankhulidwa zinalembedwa m'buku la zokambirana za Nyumba ya Malamulo, ndipo wofuna akhoza kukaziwerenga. N'zoona kuti mawuwo alipo, ndipo olemba mbiri awagwiritsa ntchito. Koma buku limasunga mawu a amene anaimirira, silisunga nkhope za amene anakhala chete. Ine sindikanayang'ana kwambiri Dr Banda kapena Chipembere, chifukwa maganizo awo timawadziwa. Ndikanayang'ana phungu wa kumpando wa kumbuyo, mwina mphunzitsi wa dzulodzulo wochokera kuboma lakutali, amene ankadziwa bwino lomwe kuti kwawo amayi akumasula mfundo ya pansonga ya nsalu n'kupeza kuti tiki mulibe, ndipo akubwerera ndi mwana wodwala malungo osalandira mankhwala. Munthu ameneyo ankadziwa kuti pa nkhani ya tiki ndunazo zikunena zoona. Ndikanafuna kuona nthawi imene iye anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kumene mphepo ikulowera, n'kuyamba kuomba nawo m'manja. Ndikanafunanso kumva zimene ankanong'onezana panja pa nthawi yopuma, chifukwa kumeneko n'kumene munthu amanena ngati akuchita zinthu chifukwa chokhulupirira, chifukwa cha mantha, kapena chifukwa chakuti maunduna angapo angotsala opanda eni.

Pomaliza pali amene amati nkhani zimenezi n'zotokosa zilonda, ndipo zikhoza kudzutsa chidani cha zigawo, popeza nduna zambiri zochotsedwa zinali za kumpoto ndi kummwera, pamene Dr Banda anali wa ku Kasungu. Amati ngati tikufuna tsiku la ndale, bwanji osasankha 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kapena 14 Juni 1993, pamene Amalawi anavotera zipani zambiri, masiku amene anatimasula m'malo motimanga. Nkhawa ya zigawoyi ndikuimva, koma ndikuona kuti kusalankhula ndi kumene kwaikulitsa. Pamene nkhani ya 1964 sinkaloledwa kukambidwa poyera, banja lililonse linkaifotokoza m'nyumba mwake monong'ona, ndipo m'manong'onong'o otero ndi mmene mlandu wa anthu ochepa umasanduka mlandu wa mtundu wonse. Woona ndi maso akanapeza kuti mkanganowo unayamba pa malipiro, pa tiki, pa ubale ndi maiko ena ndi pa ulemu wa nduna, ndipo kuti Dr Banda anali ndi omutsatira m'zigawo zonse zitatu. Za 1992 ndi 1993, masiku amenewo ndi aulemerero ndithu, koma ambiri amene anawaona akadali moyo ndipo tikhoza kuwafunsa lero lomwe popanda kubwerera m'mbuyo. Ndiponso kalata ya maepiskopi inali kuyankha funso lomwe lija limene aphungu analephera kuliyankha zaka 28 m'mbuyomo, moti munthu sangamvetse chifukwa chake mawu ofatsa chotero anagwedeza dziko ngati sadziwa tsiku limene pakamwa panatsekedwa.

Ndipo funsolo silinathe mu 1994. Mu Julayi 2002 Nyumba ya Malamulo inafunsidwa kusintha malamulo a dziko kuti pulezidenti athe kuimanso kopanda malire, pa nthawi ya ulamuliro wa Bakili Muluzi. Panalinso kuomba m'manja, panalinso malonjezo, panalinso kuopsezana, ndipo aphungu ena a zipani zotsutsa anagwirizana ndi boma. Bilu imeneyo inalephera chifukwa inaperewera mavoti atatu okha kuti ikwanitse magawo awiri mwa atatu. Kusiyana kwa 1964 ndi 2002 sikunali pa mtima wa atsogoleri, chifukwa onse awiri ankafuna mphamvu zoonjezera. Kunali pa aphungu ochepa a mipando ya kumbuyo, amene ambiri a ife sitingathe ngakhale kuwatchula maina, amene mu 2002 anakana pamene anzawo a mu 1964 anavomera.